Za Moto wa Lupsa ndi Njira ya Napolo pa Mapiri a Blantyre

Inu amene munafikako ku Blantyre kapena ku Limbe m'mwezi wa Seputembala kapena wa Okutobala, mudzakumbukira chimene chioneka pa mapiri dzuwa litalowa. Pa Michiru, pa Ndirande, pa Soche ndi pa Mpingwe paoneka mzere wofiira wa moto ulikukwera pang'onopang'ono, ndipo m'mawa mwake phulusa la udzu ligwera pa zovala zoyanika ndi m'mitsuko ya madzi. Anthu a m'mzinda anazolowera, kotero kuti ambiri sacheuka n'komwe. Ati ndi lupsa chabe, chaka ndi chaka litero. Phunziro lathu la mwezi uno lili pa moto umenewu, pakuti tifuna kuonetsa kuti moto wa Okutobala ndi chigumula cha Malichi ndiwo mlandu umodzi, ngakhale pakati pao papita miyezi isanu. Tilemba za Blantyre chifukwa kumeneko nkhaniyi yaoneka poyera, koma yense wokhala m'tsinde mwa phiri, kaya ku Zomba, kaya ku Dedza, kaya ku Ntcheu, atchere khutu.

Tiyambe ndi kufunsa, kodi nkhalango igwira ntchito yanji pa phiri? Mvula ikamagwa pa mitengo, masamba ndiwo ayamba kulandira madontho, nawathyola mphamvu asanafike pansi. Pansipo pali masamba akale ofota, udzu wouma ndi tinthambi, zimene zikhala ngati chinkhupule: zimwa madzi, ndi kuwapereka ku nthaka pang'onopang'ono. Madziwo alowa pansi, nayenda mobisika m'ming'alu ya miyala, ndipo ndiwo aja atuluka pa kasupe m'chilimwe, mvula italeka kalekale. Tsono pali mizu. Nthaka ya pa phiri ndi yopyapyala, yogona pamwamba pa thanthwe monga mphasa igona pa nthaka yozira, ndipo mizu ya mitengo ndiyo iisoka ndi kuimangirira ku thanthwelo. Mtengo ukadulidwa chitsa n'kufa, mizu yake siola tsiku lomwelo. Itha zaka zingapo ilikugwirabe. Chifukwa chake wodulayo aganiza kuti palibe chimene chaonongeka, pakuti phiri lili chiimire. Koma pansi zomangira zilikuduka chimodzichimodzi.

Nanga moto uchita chiyani? Mitengo yaikulu ya m'thengo mwathu, monga mombo, msuku ndi muwanga, ili ndi makungwa ochindikala, ndipo moto wa udzu kawirikawiri suipha. Chimene moto upha ndicho ana a nkhalango, ndiwo mphukira za pa zitsa ndi timitengo tomera tokha. Phiri lopsa chaka ndi chaka lifanana ndi mudzi wa nkhalamba zokhazokha. Nkhwangwa ikatenga akuluwo, palibe wolowa m'malo. Moto udyanso chinkhupule chija cha masamba, nusiya nthaka yamaliseche ndi youma gwa. Ndipo dziwani kuti moto uthamanga pokwera koposa potsika, pakuti malawi aweramira ku udzu wa kumtunda ndi kuuumitsa asanaufike. N'chifukwa chake kamoto koyatsa m'dimba m'tsinde kafika pa nsonga munthu asanatole chitsamba chozimira. Mvula yoyamba makolo anaitcha chizimalupsa, ndipo ikagwa mofatsa ichita monga dzina lake. Koma mvula yamphamvu ya Disembala ndi Januwale ikagwa pa nthaka yotere, silowa pansi. Ithamanga pamwamba, nitenga phulusa ndi nthaka ya chonde, nikumba tinjira timene chaka chamawa tisanduka zigwembe. Taonani Mudi kapena Naperi pa tsiku la mvula: kufiira kwa madziwo ndilo phiri lilikutsika.

Oyatsa moto tiwadziwa, pakuti ndi ana athu ndi anansi athu. Pali anyamata osaka mbewa, amene atentha udzu kuti mauna aoneke. Pali alenje ndi agalu ao, ofula uchi, osuta fodya, ososa m'munda amene asonkha moto pa zinyalala napita kwao, ndi otentha makala amene asiya uvuni usanazime. Mnyamata abwera kunyumba ndi mbewa khumi pa mpani, mai ake namtama, osafunsa kuti ndiwozo zadya mitengo ingati. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo woyatsa alibe mphamvu ya kuuuza polekezera.

Wina adzati, kodi makolo athu sanali kutentha tchire? Inde anali kutentha, koma si monga titentha ife. Nthano yao ya ku Kaphirintiwa isimba kuti munthu atapeka moto tchire linayaka, nyama zinathawa ndi kuyamba kumuopa, ndipo Chauta anachoka pakati pa anthu nakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ngakhale ili nthano, ionetsa kuti eni ake anaona moto ngati chinthu choopsa, chosayenera kuseweretsa. M'madera ambiri a Achewa ndi Amang'anja munthu wamba sanali kuyatsa tchire pa yekha. Mwini dziko ndiye anali kutchula tsiku, anthu natuluka pamodzi ku uzimba, ndipo wotentha tsikulo lisanafike anali ndi mlandu. Nkhalango za kumanda ndi za pa kachisi sizinali kulawa moto konse. Lamulo limenelo linafooka, ndipo machesi anafika m'thumba la mwana aliyense.

Tsopano tione m'mene mapiri a Blantyre anavulidwira. Pamene amishoni a ku Scotland anamanga m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, chimodzi cha zimene zinawakopa ndicho madzi abwino otsika m'mapiri ozungulirawo. Njanje inafika m'chaka cha 1908, Limbe nakula chifukwa cha sitima ndi fodya, ndipo m'chaka cha 1956 matauni awiriwo anaphatikizidwa. Boma la Angerezi linapatula Ndirande ndi Soche kuti zikhale nkhalango zotetezedwa. Koma malo abwino a pachidikha anali atagwa kale m'manja mwa makampani ndi eni minda yaikulu, ndipo antchito obwera kuchokera kumidzi anamanga pamene anapeza mpata, m'mphepete mwa tauni. Momwemo munakula Ndirande, Bangwe, Mbayani, Zingwangwa ndi Chilobwe. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzindawo. Onsewa afuna pogona ndi pophikira, ndipo nyumba zambiri ziphikira makala, pakuti magetsi ndi odula, ndiponso si onse ali nao. Amene anayendapo mseu wa Zalewa m'mamawa anaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala a ku Neno ndi ku Mwanza. M'zaka za m'ma 1990 nkhalango ya pa Ndirande inatha m'nyengo yochepa, minda ya chimanga nikwera kufikira pafupi ndi matanthwe a pamwamba. Pa Soche nyumba zinakwera m'mbuyo mwa nkhwangwa, mzere pamwamba pa mzere, zina zitamangidwa m'kati mwenimweni mwa makwawa ouma.

Zinthu zili chomwecho, kunadza namondwe wotchedwa Freddy. Iyeyu anabadwira kutali, pa nyanja ya pafupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, naoloka nyanja yonse ya India, nakantha Madagascar ndi Mozambique, nabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu zina. Akatswiri a zanyengo anawerenga masiku 36 a moyo wake, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Pa 11 Malichi analowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake inakhuthukira pa chigawo cha kummwera kwa Malawi usana ndi usiku osakata. Usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi, kuchera Lolemba, mbali za phiri la Soche zinagumuka. Matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika m'makwawa kulowa ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali m'tulo. Kutacha, abale anakumba ndi makasu, mafosholo ndi manja kufunafuna ao, mvula ili chigwere, ndipo mitembo inanyamulidwa kunka ku chipatala cha Queen Elizabeth kufikira nyumba ya chisoni inadzaza. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi, ndipo pambuyo pake anaika masiku 14 a maliro. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje inasiya njira zao. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atafa, ena oposa 500 sanaoneke konse, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Izi zinagwa dziko lili kale pa maliro a kolera, nthenda imene inayamba m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700.

Akuluakulu atamva zimenezi anati wadutsa Napolo. Makolo anali kunena kuti pansi pa phiri pakhala chinjoka chachikulu, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chiswa phiri ndi kukokolola zonse za m'njira yake. Ife sitikhulupirira za njokayo, koma sitiseka akuluwo ai, pakuti m'nthano yao anasungamo chinthu choona: Napolo ali ndi njira, ndipo njirayo aibwereza. Mu Disembala 1946 anatsika pa phiri la Zomba, nagumula milatho ndi kupha anthu. Mu Malichi 1991 anatsika pa Michesi ku Phalombe, nafa anthu mazanamazana. Ndipo ku Chilobwe komweko madzi a mu Januwale 2015 anali atagwetsa kale nyumba ndi kutenga miyoyo, zaka zisanu ndi zitatu Freddy asanadze. Madzi saiwala khwawa. Miyala yaikulu yobulungira imene muiona ili mbwee m'tsinde mwa phiri, imene ana aseweretsapo ndi amai ayanikapo mphale, sinamere pamenepo. Inatsika ndi chigumula china chakale chimene anachiona anafa kale.

Pano tiyenera kulankhula mosamala, kuti tingasenzetse amasiye katundu wosayenera. Mvula ya Freddy inali yoposa muyeso. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe anayeza mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi, ndiyo pafupifupi mvula imene Blantyre alandira chaka chathunthu. Nthaka ikakhuta madzi chotero ilemera ndi kuterera pa thanthwe, ndipo ngakhale malo ena okhala ndi mitengo anagumuka. Ophunzira atiuzanso kuti nyanja zilikufunda chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a dziko lonse lapansi, ndi kuti nyanja yofunda ipatsa namondwe madzi ochuluka. Utsi umenewo wochokera kwa Amalawi ndi wochepetsetsa. Tsono sitinena kuti mitengo ikadaletsa zonse. Tinena kuti phiri lovala likadamwa madzi ambiri ndi kuchedwetsa otsalawo, zigwembe zikadakhala zochepa, ndipo koposa zonse, pamene pakadaima nkhalango sipakadagona ana.

Kuti timvetse bwino, tiyang'ane kwa anzathu a kutali. Ku South America kuli dziko lotchedwa Chile, lalitali ndi lopyapyala ngati lamba, lotalika makilomita oposa 4,000, lopanikizika pakati pa mapiri a Andes ndi nyanja ya Pacific. Dzikolo lidziwa masoka. Chivomezi chachikulu koposa zonse zimene anthu anayeza chinachitika kumeneko, ku Valdivia, m'chaka cha 1960, ndipo china cha mu Febuluwale 2010 chinapha anthu oposa 500. Chifukwa cha zimenezi anaika malamulo olimba a kamangidwe, kotero kuti nyumba zao zazitali zigwedezeka koma kawirikawiri sizigwa. Nyengo yao isiyana ndi yathu: pakati pa dzikolo miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ife tili m'dzinja, kwao ndi kotentha ndi kouma monga Okutobala wathu. Anabzalanso minda yaikulu ya paini ndi bulugama, mitengo yomwe ija tiidziwa kuno, imene masamba ake ali ndi mafuta ndipo iyaka msanga. Mu Januwale 2017 moto unapsereza mahekitala oposa 500,000, ndipo tauni ya Santa Olga inapsa yonse.

Koma choopsa koposa chinadza pa 2 Febuluwale 2024. Valparaíso ndi Viña del Mar ndiyo mizinda ya pagombe yomangidwa pa zitunda, ndipo monga ku Blantyre, osauka ambiri anamanga kumtunda, m'mphepete mwa tchire ndi m'makwawa, nyumba za matabwa ndi malata zothithikana, njira zake zopapatiza. Tsiku limenelo kunali kutentha ndi mphepo yamphamvu. Moto unachokera kuthengo nulowa m'nyumba za Viña del Mar ndi Quilpué, ndipo ambiri unawapeza ali pa njira kuthawa. Anafa anthu oposa 130, nyumba zikwizikwi zinapsa, ndipo mtsogoleri wao wa nthawi imeneyo, Gabriel Boric, anaika masiku awiri a maliro. Pambuyo pake apolisi anagwira anthu ena powaganizira kuti anayatsa dala, mmodzi wa iwo ali wa gulu lozimitsa moto. Kwao anapha ndi moto wokha tsiku limodzi. Kwathu moto ulambula njira, madzi nadzatsiriza. Koma tikafunsa kuti anafa ndani, yankho la ku Viña del Mar ndi la ku Chilobwe lifanana: ambiri anali amene anasowa malo pachidikha. Dziko lolemera kuposa lathu, lokhala ndi ndege zozimira moto, silinathe kupulumutsa anthu okhala pa malo oipa.

Malamulo tili nao. Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, liletsa kuyatsa moto ndi kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa, ndiponso kutentha makala popanda chilolezo. Freddy atapita, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho cha 2023. Anthu a pa Soche anauzidwa kuti asamuke. Ena anasamuka, ena anabwerera. Asanawaweruze munthu, ayambe waganiza. Mai wogulitsa tomato mu msika wa Limbe, kapena mlonda wa pa sitolo ya mu Victoria Avenue, akapatsidwa malo kutali kumene kulibe msika, kulibe madzi, kulibe sukulu, adzadya chiyani? Kuuza munthu kuti choka, osamuonetsa kolowera, ndi theka la ntchito. Ndipo tifunsenso, malo a m'khwawawo anawagulitsa ndani, nalandira ndalama ndani? Mlandu umenewo uli pa ogawa malo koposa pa ogula.

Pali zina zimene mudzi ungathe wokha osadikira Boma. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo ndi nyengo yobzala mitengo, ndipo tiona akuluakulu atavala bwino, kubzala kambande kamodzi, ojambula najambula. Zabwino ndithu, koma pofika Okutobala, ndani akhala pomwepo kuletsa moto? Mbande zambiri zifa chaka chomwecho. Ntchito yeniyeni ili mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse, chiperoni chikadali kunyowetsa mapiri. Pamenepo ndipo polambula njira yotakata kuzungulira nkhalango ya mudzi, kuti moto ukafika usowe chodya. Ndipo ngati kutentha kufunika, a zankhalango alangiza kutentha nthawi imeneyo, m'mamawa kapena madzulo, anthu ali chire, pakuti moto wake ndi wofatsa ndipo mphukira zipulumuka. Chinanso chokondweretsa ndi ichi: phiri la mitengo yachilengedwe silifuna kubzala kwambiri. Zitsa za mombo ndi msuku zikhala zamoyo pansi zaka zambiri. Mukaletsa moto, mbuzi ndi nkhwangwa, ndi kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zolimba pa chitsa, m'zaka zowerengeka mudzayenda pa mthunzi. M'makwawa bzalani nsungwi ndi udzu wa vetiva, ndipo musalime kufikira m'mphepete mwa madzi.

Kwa inu amene nyumba zanu zili kale m'tsinde mwa phiri, ndi inu amene muli ndi ana ogwira ntchito m'tauni, sungani zizindikiro izi ndi kuwalembera. A zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti kukudza namondwe, kapena mvula ikagwa masiku awiri osakata, musagone m'nyumba ya m'khwawa kapena ya pansi pa phompho. Pitani kwa abale, kusukulu kapena kutchalitchi kukadali kowala, pakuti a ku Chilobwe chinawapeza ndi mdima. Yenderani kumtunda kwa nyumba ndi kuona ngati nthaka yang'ambika, ngati mitengo ndi mizati yapendekeka, ngati madzi alikutumphuka pamene panalibe kasupe, ngati chitseko chayamba kukana kutseka. Mtsinje ukasanduka phala mwadzidzidzi, kapena ukaphwa mvula ilikugwabe, dziwani kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kudzaphulika. Mukamva mkokomo ngati wa sitima kapena kugundana kwa miyala, musabwerere kukatenga katundu, ndipo musathawire kumunsi motsata khwawa, pakuti matope athamanga koposa munthu. Thawirani cham'mbali, kukwera pa mtumbira wa pafupi, mutanyamula ana ndi kudzutsa anansi pofuula.